Mtsuko Womera pa Tsamba

Aliyense wolima chimanga amadziwa zimene zimachitika nthaka ikaguga: masamba amachita chikasu, mbewu n'kupinimbira. Kawirikawiri chimene chasowa ndi nayitrojeni, mchere womwe timaugula m'matumba a feteleza wa urea. Mwezi uno tiyeni tione chomera chimene chimadzipezera chokha mchere umenewu, poti kumene chimamera kulibe woti n'kuchithirira.

Dzina lake ndi Nepenthes rajah, ndipo anachitcha dzinali ndi katswiri wa zomera Joseph Hooker mu 1859. Chimapezeka pa mapiri awiri okha, Kinabalu ndi Tambuyukon, pa chilumba cha Borneo, mbali ya dziko la Malaysia. Kumapiriko mvula siikata, koma dothi lake ndi losauka moti zomera zambiri zimalephera.

Kunsonga kwa tsamba lake kumatuluka kachingwe, ndipo kumapeto kwa kachingweko kumatupa mtsuko wofiirira wokhala ndi chivindikiro. Waukulu mungalowe madzi oposa malita 3. Mtsukowu umatulutsa timadzi totsekemera tokopa nyerere ndi tizilombo tina. Mlomo wake ukanyowa umaterera zedi, ndiye kachilombo kakangoponda molakwika, thibu! M'katimo muli madzi ogaya chakudya, ofananako ndi a m'mimba mwathu, ndipo makoma a mtsuko amayamwa zogayikazo. Ambiri amaganiza kuti chivindikiro chimatseka kachilombo kakalowa. Ayi, sichisuntha n'komwe.

Tisanachinene kuti n'cholusa, tidziwe kuti mphamvu zake chimazipeza ku dzuwa monga chomera china chilichonse. Tizilomboto si nsima yake. Ndi feteleza.

Ndipo feteleza wina amabwera yekha, popanda kupha kanthu. Kumapiriko kuli kanyama kooneka ngati gologolo, kotchedwa Tupaia montana. Masana kamakwera pamlomo wa mtsuko n'kumanyambita timadzi ta kunsi kwa chivindikiro. Mpata wa pakati pa chivindikiro ndi mlomo ndi wolingana ndi thupi lake, choncho kakamanyambita, kumbuyo kwake kumaloza m'kati, ndipo kamachitira chimbudzi momwemo. Usiku ntchito yomweyo amaigwira ndi khoswe wa kuphiriko. Kanyama kakhuta, chomera chalandira manyowa pakhomo. Mwa zonse za chomerachi, ine chimandigometsa ndi chimenechi, osati nkhani zotchuka za makoswe omira m'mitsuko, zomwe zimachitika mwa apo ndi apo.

Kukongola kwake n'kumene kunachiika pangozi. Okonda maluwa osowa ankachizula n'kukachigulitsa kunja, chikhalirecho chimatenga zaka zambiri kuti chikule. Lero pangano la mayiko la CITES limaletsa malonda a chozulidwa kutchire, ndipo ofuna kuchidzala amagula mbande zoberekedwa m'malabotale. Abale ake ena a mtundu wa Nepenthes ali kufupi kuno, pa chilumba cha Madagascar, komwe amamera m'madambo a mchenga kugombe la kum'mawa.