Masamu obisika mu nyemba yomera mumdima

Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine ndidzachita zaulimi, fizikisi ndi masamu ndimangowerengera mayeso basi." Sindinakangane naye. Ndinangomuuza kuti adzale nyemba m'zitini ziwiri, chimodzi achitsekere m'kabati, china achiike pawindo.

Patatha sabata, za m'kabati zija zinali zazitali, zoonda, masamba ake achikasu. Ambiri mukaziona mumati zadwala. Ayi ndithu, zikudikira dzuwa.

M'maselo a masamba achikasuwo muli timatumba totchedwa etioplast, tomwe timasanduka chloroplast tikalandira kuwala. Mkati mwa timatumbati nembanemba yamafuta imapindika n'kupanga timapaipi tolukana, ndipo asayansi amati prolamellar body. Kapaipi kamodzi m'mimba mwake ndi mananomita makumi ochepa chabe. Nanomita ndi milimita imodzi mutaigawa ka 1,000,000. Kawirikawiri timapaipiti timakumana tinayitinayi pamphambano iliyonse, monga mmene maatomu a kaboni amagwiranirana mu dayamondi, ndipo kalukidwe kameneka kamabwerezabwereza m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. N'chifukwa chake amati cubic membrane.

Nanga mbewu ivutikiranji chonchi? Ikamamera pansi pa dothi imadya chakudya chimene chinasungidwa m'njere, ndipo chakudyacho chimatha. Ikangotuluka iyenera kuyamba photosynthesis msanga, apo ayi ifa. Ndiye imasungiratu nembanemba yambiri pakamalo kakang'ono, ngati neti ya udzudzu yopindidwa m'kathumba. Panembanembapo pamakhala enzyme yotchedwa POR itagwira protochlorophyllide, chinthu chimene chatsala pang'ono kukhala chlorophyll. Kuwala kukangofika, enzyme ija imagwira ntchito yake, zolukana zija zimamasuka m'maola ochepa n'kuyalika kukhala thylakoid, tsamba n'kuyamba kubiriwira.

Apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi onse olekanitsa maphunzirowa. Malo aakulu mu voliyumu yaing'ono ndi nkhani ya surface area ndi volume imene mumaithawa m'kalasi ija. Komanso katswiri wa masamu wa ku Germany, Hermann Schwarz, anafotokoza mpangidwe wopindika wonga umenewu mu 1865, pofufuza masamu a mipangidwe yofanana ndi kanembanemba ka sopo kotambasuka pawaya. Nthawi imeneyo kunalibe electron microscope. Akatswiri a zomera atadzaziona m'maselo, masamu ozilongosolera analipo kale.

Wina anena kuti silabasi ndi yaikulu kale, ndipo izi sizibwera pa MSCE. Chabwino, musaloweze mayinawa. Koma amene amaloweza kuti chloroplast ili ndi thylakoid osafunsa kuti mawonekedwewo athandiza chiyani, akakumana ndi funso lachilendo amangoti kakasi.

Dzalani nyemba zanu m'kabati. Zikamera, zitulutseni m'mawa, muziike pawindo pomwe dzuwa silikuwomba mwamphamvu, muzijambule ndi foni. Mawa lake mujambulenso, mudzandionetse.