Wogula nyumba m'mphepete mwa paki wagula ndi anyani omwe

Mphwanga wina amene wakhala zaka zingapo akusamalira maluwa ku Kommetjie, m'dziko la South Africa, adandiimbira lamya mwezi wathawu. Abwana ake akugulitsa nyumba, ndipo banja lina lochokera ku Johannesburg lidabwera kudzaiona. Mayi wa banjalo adaima pakhonde, nayang'ana nyanja kutsogolo ndi phiri kumbuyo, n'kunena kuti apa ndiye pamtendere. Mnyamatayo palibe adamufunsa kanthu. "Malume," adatero iye uku akuseka, "akadandifunsa ndikadawaonetsa zenera lakukhitchini limene anyani athyola kawiri."

Mayiyo sadaname. Kommetjie ndi kadera kabata kamene kali m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa mzinda wa Cape Town. Usiku umangomva mafunde, n'kumaona kuwala kwa nsanja ya Slangkop, imene yakhala ikutsogolera sitima zapamadzi kuyambira 1919. Kuseri kwa nyumba kuli mapiri olumikizana ndi Table Mountain National Park, nkhalango imene boma lidayamba kuiteteza monga paki mu 1998. Ogulitsa nyumba amaikonda pakiyi, pakuti imakweza mtengo: wogula amadziwa kuti m'phirimo simudzamangidwa fakitale kapena malo omwera mowa.

Koma paki ili ndi eni ake, ndipo eniwo sadziwa za mpanda. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Liwonde, amene adagonapo m'munda kudikira njovu, nkhaniyi akuidziwa bwino kuposa wogula wa ku Johannesburg. Ku Kommetjie anyani amatsika m'phiri m'chigulu, kugubuduza migolo ya zinyalala, kukankha mazenera, ngakhale kutsekula firiji. Lamulo limawateteza, sungawatchere msampha kapena kuwathirira tameki. Mu 2020 khonsolo ya mzindawo idasamutsa nyani wina wamphongo wotchedwa Kataza kupita naye ku Tokai, pomuganizira kuti ndiye amatsogolera anzake m'makomo. Anthu adagawikana, ena kumulira, ena kukondwera, nkhani mpaka kubwalo la milandu. Adamubweza, kenaka mu 2021 adakamusiya kumalo osungira nyama ku Limpopo. Nyani mmodzi adadanitsa anthu oyandikana nyumba amene kale ankapatsana moni.

Mnansi wachiwiri ndi moto. Tchire la kumeneko, lotchedwa fynbos, limayenera kupsa pakapita zaka khumi kapena kuposerapo kuti mbewu zake zimere. Komanso nyengo yawo ndi yosemphana ndi yathu: mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo pamene ife tikupalira chimanga mu Januwale, kumeneko kumakhala kouma, kukuomba mphepo yamkuntho yochokera kumwera chakum'mawa. Mu Malichi 2015 moto umene udabuka m'mapiri a Muizenberg udayaka masiku angapo, kufika ku Noordhoek ndi ku Hout Bay, n'kutentha nyumba. Wogula wanzeru amayang'ana ngati pali mkwasa pakati pa tchire ndi mpanda wake, amaonanso denga ngati ndi laudzu, asanafunse za chiwerengero cha zipinda.

Bata lenilenilo nalonso lili ndi mbiri. Mukamatuluka mu Kommetjie mumadutsa Ocean View, kumene boma la tsankho lidakataya mabanja amene lidawachotsa ku Simon's Town cha m'ma 1968. Kutsogolo pang'ono kuli Masiphumelele, kumene anthu athithikana m'zisakasa zamalata, ena mpaka m'dambo, ndipo pakati pawo pali Amalawi ambiri. Manja amene amatchetcha kapinga ndi kuchapa zovala ku Kommetjie amagona kumeneko. Mu Disembala 2020 moto udapsereza zisakasa zoposa 1,000 tsiku limodzi ku Masiphumelele. Ine ndimati wogula amene sadaimepo pamenepo n'kuona sadadziwe dera limene akulowamo.

Apa ndiye mphwangayo adafika pa chimene adaimbira. Naye akufuna kugula. Munthu wina ku Masiphumelele akumutsatsa kanyumba kanjerwa, mwa tija boma lidamangira anthu osauka, ndipo akuti angopita kupolisi kukalemba kalata yolumbira, ndalama n'kupatsana pamanja. Ndalama zake n'zimene wasunga zaka zonsezi, zimene mayi ake kumudzi akuyesa kuti ndi za malata.

Ndidamuuza kuti aonetsetse mmene abwana ake agulitsire yawo. Ku South Africa mgwirizano wogulitsa malo umayenera kulembedwa ndi kusainidwa, loya wa za malo ndiye amasamutsa umwini, ndipo nyumba imakhala yako pokhapokha dzina lako litalowa m'kaundula wa ku Deeds Office. Chidindo cha apolisi chimangochitira umboni kuti munthu walumbira; sichisuntha dzina pa chikalata cha umwini. Kuonjezera apo, nyumba zimene boma lidapereka kwaulere siziloledwa kugulitsidwa mwachisawawa zisanathe zaka 8. Wogulitsayo akamwalira, ana ake angabwere ndi chikalata chenicheni, ndipo mlendo wochokera kunja amene wangogwira kapepala ka kupolisi adzadandaula kwa yani? Alangizi athu a m'midzi aonapo zotere pa minda yogulidwa mfumu ndi eni mbumba osadziwa.

Mphwangayo adakhala chete kanthawi. Kenaka adati Loweruka akapempha wogulitsayo kuti amuonetse chikalata, ndipo akakana, ndalamazo azitumiza kumudzi. Za banja la ku Johannesburg lija, akuti labweranso kachiwiri ndi munthu woyeza makoma. Tsiku limenelo anyani adali padenga la nyumba yoyandikana nayo, ndipo ana a banjalo adawajambula mokondwa.