Foni Ikatayika, Zithunzi Zanu Mudzazipeza Kuti?

Munthu akaberedwa foni, mkangano umene umabuka ndi umodzimodzi. Wina amati, "Mukanaika zithunzi zanu pa Google bwenzi zilipo." Mnzake amayankha kuti, "Ine zithunzi za ana anga sindingapatse anthu a ku America, ndili ndi memory card yanga." Wachitatu amafunsa kuti ndi kampani iti imene ikupereka malo ambiri aulere. Onse amabalalika woberedwa uja asanathandizidwe, ndipo akagula foni ina amasunga zinthu zake monga ankasungira kale.

Mkanganowu wasochera, ndipo ndinene maganizo anga pachiyambi pomwe. Zithunzi za banja ndi mapepala ofunika ziyenera kukhala pa intaneti, ndipo kope lina likhale kunyumba. Posankha kampani, kuchuluka kwa malo aulere muganizire pomaliza. Muyambe ndi mafunso awiri. Foni itasowa lero, mungathe kutsegula akaunti yanu pa foni ya munthu wina? Nanga kampaniyo imakulolani kutulutsa katundu wanu yense tsiku limene mwafuna?

Okonda memory card amalankhula ngati kakhadiko kali kutali ndi ngozi, chonsecho kamagona m'foni momwemo. Wakuba akatsomphola foni padepoti satulutsa khadi n'kukusiyirani. Makhadi ena otsika mtengo ndi achinyengo: amalembedwa 64GB koma mkati muli malo ochepa, ndipo akadzaza amayamba kuwononga zithunzi zakale mwakachetechete. Ngakhale khadi labwino limatha kungosiya kuwerengeka popanda chizindikiro chilichonse. Amene amasunga pa flash kapena pa hard drive achitako bwino, koma zipangizozi zimakhala m'nyumba yomweyo mmene muli laputopu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe, mabanja ambiri amene anapulumuka anatsala ndi zovala za m'thupi basi. Masatifiketi, mapepala a malo ndi zithunzi za makolo zinapita pamodzi ndi nyumba. Chimene chinali pa akaunti ya pa intaneti madzi sanachikhudze.

Pali mfundo imodzi imene anthu okayikira makampaniwa amanena zoona, ndipo sitingaithawe: kampani imasintha mawu. Google Photos inkalola anthu kusunga zithunzi zopanda malire kwaulere, koma inasiya pa 1 Juni 2021. Flickr, imene inkapatsa aliyense 1TB, inatsitsa malire a akaunti yaulere kufika pa zithunzi 1,000 mu 2019. Amazon Drive inatsekedwa kumapeto kwa 2023. Mu Januwale 2012 boma la America linatseka Megaupload, ndipo anthu amene ankasungako mafayilo awoawo, osalakwa chilichonse, anasowa polowera. MySpace inavomera mu 2019 kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikako kwa zaka zoposa 10.

Koma tiyeni tiione bwino mbiri imeneyi. Google inalengeza za kusinthako mu Novembala 2020, miyezi yoposa 6 kusanachitike, ndipo zithunzi zakale sinazifufute. Amazon inachenjeza anthu kutatsala nthawi yoposa chaka. Makampani akuluakulu amenewa amasunga fayilo imodzi pamakina angapo, nthawi zambiri m'malo otalikirana, kotero kuti makina amodzi akafa mwini chithunzi sadziwa n'komwe. Memory card sichenjeza munthu ndipo ilibe mnzake woipokeza. Zimene zinachitika ku Megaupload ndi MySpace zikutiphunzitsa kusankha kampani yokhazikika ndi kusiya kope kunyumba. Sizikutiuza kuti tibwerere ku kakhadi ka m'foni. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo loti chinthu chofunika chikhale ndi makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kutali ndi kwanu. Kwa ambiri a ife, intaneti ndiyo njira yokhayo yopezera kope lakutalilo.

Osaka malo aulere ndiwo amanditopetsa kwambiri. Amawerengera kuti Google imapereka 15GB, iCloud ndi OneDrive 5GB, Dropbox 2GB, kenako amatsegula maakaunti anayi kapena asanu n'kumwaza zithunzi uku ndi uko. Pakatha chaka sakumbukira pasiwedi ngakhale imodzi. Amaiwalanso kuti 15GB ya Google imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira 2024 mauthenga a WhatsApp osungidwa kuchokera pa foni ya Android amadyanso malo omwewo. Google yomweyo inanena kuti akaunti imene yatha zaka 2 osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2023. Akaunti yotsegula n'kuiwala ndiyo imene ili pangozi kuposa zonse. Enanso amadzitumizira zithunzi pa WhatsApp kapena kuziika pa Facebook n'kumati asunga. Zimene asungazo ndi zithunzi zofinyidwa, zoti mukadzafuna kutsukitsa chachikulu cha pakhoma chidzatuluka chosaoneka bwino.

Chinthu chimene mbali zonsezi sizikamba, ndipo ndicho chimamaliza anthu ambiri, ndi mmene mapulogalamuwa amagwirira ntchito. Google Photos ndi iCloud zili ngati kalilole: chimene mwachotsa kuno, ukonso chachoka. Mwana akamaseweretsa foni n'kufufuta zithunzi za chinkhoswe m'mapulogalamuwa, zimafufutikanso pa intaneti. iCloud imazisunga masiku 30 m'malo a zofufutidwa, Google Photos masiku 60, kenako zapita. Munthu amene sadziwa izi amagona mtima uli m'malo pamene masiku akuwerengeka. Ndiye posankha, funsani kuti chofufutidwa chimakhala masiku angati chisanatheretu. Makampani ngati Backblaze amapangidwira ntchito yosunga kope la kompyuta yonse ndipo amasunganso mafayilo akale kwa kanthawi, koma amafuna intaneti yamphamvu yosadukaduka, choncho amayenera munthu wa ofesi kapena wojambula maukwati kusiyana ndi munthu wa foni imodzi.

Tibwere ku nkhani ya kiyi ya akaunti, imene kwathu kuno ndiyo yaikulu. Anthu ochuluka akagula foni, wogulitsa kapena mnyamata wa pafupi ndiye amawatsegulira Gmail. Amalemba pasiwedi imene waiganiza yekha, mwini foni amachoka osaidziwa. Zithunzi zimapita pa intaneti bwinobwino kwa zaka, koma tsiku la tsoka mwini wake sadziwa ngakhale dzina la akauntiyo. Ena amaidziwa pasiwedi, koma nambala yotsimikizira imatumizidwa ku simukhadi imene yapita ndi wakuba, kapena ku nambala yakale imene anasiya kugwiritsa ntchito. Apa kampani ilibe mlandu, ndipo kusamukira ku kampani ina sikungathandize. Chofunika ndi kusintha pasiwedi kuti ikhale yanu, kuikapo imelo ina ya mkazi wanu, mwamuna wanu kapena m'bale wodalirika, ndi kulemba papepala manambala 10 apadera amene Google imapereka oti mulowere nawo foni ikasowa. Pepalalo likhale pamodzi ndi masatifiketi. Google ndi Apple zimalolanso kusankhiratu munthu amene adzalandire zinthu zanu inu mutamwalira, ndipo mabanja ambiri ataya zithunzi za malemu chifukwa chosadziwa zimenezi.

Za chinsinsi, nkhawa ilipo ndithu. Mu 2022 nyuzipepala ya New York Times inalemba za bambo wina wa ku San Francisco amene Google inamutsekera akaunti makina ake ataona molakwika chithunzi cha mwana wodwala chimene anajambulira dokotala. Apolisi anapeza kuti sanalakwe, koma Google sinamubwezere akauntiyo panthawiyo. Amene akufuna kuti kampani isathe kuona zinthu zake angasankhe Proton Drive ya ku Switzerland, kapena kuika pasiwedi pa kope la WhatsApp, zomwe zakhala zotheka kuyambira 2021. Adziwe kuti akaiwala pasiwedi yotereyi palibe amene angamutsegulire. Komabe zimandidabwitsa kuti woopa maso a makampani a ku America amasiya foni yosakhoma, memory card ili momwemo, kwa wokonza mafoni tsiku lathunthu.

Mtengo ndiwo chopinga chenicheni. Ku America 100GB ya Google One ndi $1.99 pamwezi ndipo 50GB ya iCloud ndi $0.99, ndalama zooneka zochepa, koma zotsatira dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole ya pamwezi ya mtundu umenewu inakwera tsiku lomwelo, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumavutitsa olipira ndi khadi la banki. Kuonjezera apo pali bandulo. Yankho lake ndi kusankha zoti zikwere. Zithunzi za 3MB zokwana 5,000 zimakwana mu 15GB. Chimene chimadzaza malo ndi mavidiyo ndi zinthu zotumizirana m'magulu a WhatsApp, ndipo zambiri mwa izo palibe adzazifune. Munthu amene watseka mavidiyo, n'kutchera foni kuti izikweza zithunzi ikapeza Wi-Fi yokha, akhoza kutha zaka asanalipire tambala.

Wa foni ya Android ayambe ndi Google Photos, wa iPhone ndi iCloud, chifukwa pulogalamu imene imakweza zithunzi yokha imaposa yabwino kwambiri imene imadikira kuti mwini wake akumbukire. Kamodzi pachaka atsitse zonse, wa Google kudzera pa Google Takeout, aike pa hard drive kapena flash yogula m'sitolo yodalirika, ndipo atsegule mafayilo angapo kuti aone ngati akuwerengeka. Sabata ino abwereke foni ya mnzake, ayese kulowa mu akaunti yake yekha popanda kugwira foni yakeyo, ndipo akakanika akonze foniyo idakali m'manja.