Makina Ofotetsa Cotupa Popanda Mpeni: Nanga a ku Chama?

Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kaciwalo konga njere ya nshawa kochedwa pituitary, kamene kamalamulira kukula kwa thupi ndi kubala. Cotupa cikamera pamenepo, mai amaleka kusamba, kapena amatuluka mkaka alibe khanda. Ena amakula manja ndi mapazi, ndipo maso amaleka kuona za m'mbali. Kumudzi timafulumira kuti ndi ufiti.

M'caka ca 1968 dotolo wa ku Sweden, Lars Leksell, anayamba kucilitsa ndi makina a Gamma Knife. Malawi osaoneka pafupifupi 200 amakumana pa cotupa cokhaco, mutu osang'ambidwa, ndipo cimafota pang'onopang'ono m'miyezi kapena zaka. Makinawa anafika ku Johannesburg mu 2017.

Koma safuna cotupa cacikulu. Mitsempha ya maso imadutsa pamwamba penipeni pa pituitary, motero cotupa cikaigunda, malawiwo angaononge maso. Zikatero madotolo amayamba ndi opaleshoni yodzera m'mphuno. Zotupa zina zimagonja ku mapiritsi cabe.

Apa ndiye pali vuto lathu. Munthu wa kwa Tembwe kapena kwa Chikwa ayenera kutenga kalata pa cipatala ca Chama, nadzera ku Lundazi ndi Chipata kufikira ku Lusaka, kumene kuli akatswiri a ubongo pa UTH. M'dzinja mitsinje ya m'cigwa ca Luangwa ikadzaza, ulendowo umaima, koma cotupa siciima. Cotero wamkulu wa kiliniki akamva za maso ndi mkaka pamodzi, alembe kalatayo mvula isanagwe.