Ku Chembe Kuli Nsomba, Kulinso Chiyankhulo

Mlendo akamapita ku Chembe, m'boma la Mangochi, amauzidwa kuti akupita ku Cape Maclear. David Livingstone ndiye anapereka dzina limeneli polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town. Sindikufuna kutaya nthawi ndi mlandu wa dzinali, chifukwa ena anaukamba kale ndipo zikwangwani sizinasinthe. Chimene chikundiwawa n'chakuti dzinalo linakhala chiyambi cha chizolowezi choona nyanjayi ngati malo okongola opanda eni ake.

Taonani mmene ulendo wa kumeneko umayendera. Mlendo amakwera bwato kupita ku chilumba cha Thumbi, amavala magalasi osambira n'kumayang'ana mbuna m'miyala, kenaka mnyamata woperekeza amaimba mluzu, amaponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha. Madzulo mlendoyo amajambula nyali za asodzi a usipa zili ngwee panyanja. Zonsezi n'zabwino ndithu, nanenso ndazichita ndipo ndinasangalala. Koma pa ulendo wonsewo msodzi amakhala mbali ya chithunzi basi. Palibe womufunsa chifukwa chake sakupita panyanja m'mawa wina m'mwezi wa July pamene madzi akuoneka odekha. Iye amadziwa kuti mwera uli m'njira. Amasiyanitsa mwera ndi mpoto, chilimira ndi khoka, utaka ndi ncheni, ndipo mawu aliwonse mwa amenewa anasenza nzeru za nyengo, za kuya kwa madzi ndi za makhalidwe a nsomba.

Chodabwitsa n'chakuti akunja anaziona izi msanga kuposa ife. Mawu akuti mbuna, ochokera ku Chitonga cha m'mbali mwa nyanja, lero ali m'mabuku a sayansi ndiponso pakamwa pa oweta nsomba m'nyumba ku Germany ndi ku America. Mawu akuti utaka nawonso anawoloka nyanja zamchere. Koma ophunzira anga ambiri, ndikawafunsa mayina a nsomba, amathera pa chambo, usipa ndi kampango, kenaka amayamba kuseka. Sindiwadzudzula. Ndife aphunzitsi awo amene tinawazoloweza kuti chiyankhulo chofunika kuchifufuza ndi cha m'buku, osati cha padooko.

Wina anena kuti iyi ndi nkhani ya anthu okonda mawu, yosakhudza mimba ya munthu. Ayi ndithu. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Malire ake amalowa m'madzi mamita 100 kuchoka kumtunda kwa pakiyo ndi kwa zilumba zake, ndipo m'madzi amenewo kusodza n'koletsedwa. Pakati pa malirewo pali midzi ya anthu amene ndiwo zawo, ngakhale fizi ya ana awo, zimachokera m'nyanja. Lamulo lotere, likaganiziridwa m'Chingerezi n'kumasuliridwa mothamanga, limafika kwa msodzi ngati chiopsezo cha mfuti ndi chindapusa. Silimufika ngati mfundo yoti akhoza kuitsutsa, kuikonza kapena kuivomera. Chimodzimodzinso nkhani ya likodzo. Ofufuza anaonetsa kuti ku Chembe nkhono zofalitsa matendawa zinachuluka pamene nsomba zodya nkhonozo zinachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso. Mlendo amawerenga za likodzo m'kabuku kake asananyamuke kwawo, ndipo akabwerera amamwa mankhwala. Mwana wa pamudzipo amasamba m'madzi omwewo tsiku ndi tsiku. Kodi ndani anakhala pansi ndi agogo ake kufunsa kuti nsomba zodya nkhonozo amazitcha chiyani, kuti uthenga ukhale ndi poyambira?

Apa ndiye ndikuloza chala anzanga a m'mayunivesite, kuyambira ku Zomba mpaka ku Lusaka, Harare ndi Maputo. Misonkhano yathu timakonda kuichitira kunyanja. Timakangana masiku atatu za ufulu wa ziyankhulo za mu Africa, m'Chingerezi, m'chipinda chozizira, asodzi akusoka maukonde kuseri kwa mpanda. Tsiku lomaliza timakwera bwato kukaona nkhwazi monga alendo ena onse, n'kugula chambo cha panjira. Amishoni a Livingstonia amene anafika pamalo ano mu 1875 anasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawatha mphamvu, koma Robert Laws anasiya mabuku a Chinyanja, kuphatikizapo Chipangano Chatsopano. Ife tili ndi makina ojambulira mawu m'thumba, galimoto ya ofesi ndi ndalama za alawansi, ndipo nkhalamba zodziwa dzina la mwala uliwonse pakati pa Chembe ndi Domwe zikuikidwa m'manda chaka ndi chaka.