Msana ukupweteka mukatsika m'galimoto? Zomwe mpando wanu ungachite ndi zomwe sungathe

Ngati mumayendetsa minibasi yochoka ku Limbe kudutsa ku Manje ndi ku Soche, kapena Sienta yonyamula anthu pakati pa Zingwangwa ndi m'tauni ya Blantyre, ululu wa madzulo uja mukuudziwa. Mukatsika m'galimoto mumayamba mwagwira m'chiuno, ndipo kuti muwongoke bwinobwino pamapita kanthawi. Ambiri amangoti ndi kutopa, n'kugula brufen pagolosale, mawa lake 5 koloko m'mawa ali kale pachiwongolero.

Vutoli si la ku Soche kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo pofika 2050 chiwerengerochi chikhoza kufika 843 miliyoni. Ululuwu ndiwo uli patsogolo pa mavuto onse olepheretsa anthu kugwira ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Kwa dalaivala amene amalandira malinga ndi zomwe wapeza tsikulo, tsiku limodzi logona kunyumba ndi tsiku lopanda ndiwo.

Mukamayang'ana galimoto zogulitsidwa pa intaneti, pena mumaona mawu akuti "lumbar support". Ndi chiyani chimenechi, ndipo chingakuthandizeni motani?

Zomwe zimachitika mukakhala pampando

Kumunsi kwa msana wanu kuli mafupa asanu osanjikizana. Pakati pa fupa ndi linzake pali kachinthu kofewa kokhala ngati kapilo, komwe kamateteza mafupawo kuti asakhulane. Mukaimirira, mafupa asanuwa amapindikira pang'ono kutsogolo. Ikani dzanja kumbuyo, pamwamba pang'ono pa lamba wa thalauzi, mumva kadzenje. Umo ndi momwe msana unapangidwira kuti uzinyamula thupi.

Mukakhala pampando wofwifwa, chiuno chimagwera kumbuyo ndipo kadzenje kaja kamatha. Msana umakhota ngati uta, timapilo tija timapanikizika, minofu imagwira ntchito mosapuma. Kwa mphindi khumi palibe vuto. Kwa maola 12, masiku asanu ndi limodzi pamlungu, thupi limayamba kudandaula.

M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku Sweden, kuphatikizapo Alf Nachemson ndi Gunnar Andersson, anayeza kupanikizika kwa timapiloti mwa anthu okhala pamipando yosiyanasiyana, ngakhalenso mpando wa dalaivala. Anapeza kuti kupanikizikako kumachepa ngati chotsamira chapendekera kumbuyo pang'ono komanso ngati pali chinthu chochirikiza kadzenje ka m'munsi mwa msana. Chochirikizacho ndicho "lumbar support".

Chimagwira ntchito bwanji?

M'kati mwa chotsamira cha mpando mumakhala kachitsulo kapena kapulasitiki kopindika, pena kathumba ka mpweya. Mukatembenuza kagudumu kapena kukoka kachogwirira ka m'mbali mwa mpando, kachitsuloko kamatukuka n'kukankha msana wanu pang'ono. M'galimoto zodula mumakhala batani lamagetsi: lina limangotulutsa ndi kubweza chochirikizacho, lina limachikwezanso ndi kuchitsitsa kuti chigwirizane ndi msinkhu wa munthu. Luso limeneli si lachilendo. Kampani ya Volvo inayamba kuika mipando yotere m'galimoto zake m'zaka za m'ma 1960.

Kusintha kumeneku n'kofunika chifukwa misana simafanana. Mpando womwe ukumukwana dalaivala wamtali ungamupweteke mnzake wamfupi amene amasinthana naye galimoto.

Nanga bwanji kuno sitikuchiona?

Galimoto zambiri za m'misewu ya Blantyre ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndipo zomwe timagula kwambiri ndi zotsika mtengo: Hiace, Caravan, Sienta, Probox, Vitz. Zambiri mwa izi mpando wake umangosendera kutsogolo ndi kumbuyo, chotsamira n'kupendekeka, basi. Ikamafika kuno imakhala itayenda kale zaka zingapo, ndipo ikagwira ntchito ya matola siponji ya pampando imaphwa mpaka munthu kumamva zitsulo.

Chuma nachonso chalowererapo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo. Mwini minibasi akapeza ndalama amayamba wagula matayala ndi mabuleki. Mpando wa dalaivala umabwera pomaliza, ngati ungakumbukiridwe n'komwe. Onjezanipo misewu. Namondwe wa Freddy, amene anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu March 2023 n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi ku Manje, anasiyanso misewu yambiri ya m'makwalala itakumbika. Dzenje lililonse ndi hampu iliyonse zimatumiza kugwedezeka kudzera mumpando mpaka kumsana, makamaka ngati ma shock absorber anatha. Kugwedezeka kwa thupi lonse kwa nthawi yaitali ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zoyambitsa ululu wa msana mwa madalaivala. Ndiye panabweranso mizere ya mafuta, monga ya kumapeto kwa 2024, pomwe madalaivala ankagona m'galimoto usiku wonse podikira petulo.

Zomwe mungachite lero osawononga ndalama

Choyamba, chotsani kachikwama ka ndalama ndi foni m'thumba la kumbuyo. Kukhalira chikwama kumapendeketsa chiuno tsiku lonse.

Khalani mpaka matako agunde chotsamira. Sendezani mpando kuti mukaponda kilatchi mpaka pansi bondo likhale lopindikabe pang'ono. Chotsamira chipendekere kumbuyo pang'ono chabe, pafupifupi madigiri 100 mpaka 110. Kuyendetsa mutagona chagada, dzanja limodzi litatambasuka, kumaoneka kwa chinyamata koma khosi ndi msana ndi zomwe zimalipira.

Ngati galimoto yanu ili ndi kagudumu kapena batani lija, liikeni kuti chochirikizacho chikhudze kadzenje ka msana, cha pamzere wa lamba. Muzimva kuti chakugwirani, osati chikukubayani. Chikatuluka kwambiri chimabweretsa ululu wina.

Ngati mulibe, tengani thaulo laling'ono kapena chitenje, chikulungeni mothina kuti chikatsamiridwa chikhale chochindikala masentimita atatu kapena anayi, muchimange ndi mphira, n'kuchiika pamalo omwewo. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya batani la m'galimoto yodula. Pewani pilo wamkulu wa pabedi: amakukankhirani kutsogolo, mutu umatalikirana ndi chotsamira mutu, ndipo pangozi khosi limavulala kwambiri. Siyaninso mpata wa masentimita osachepera 25 pakati pa chifuwa ndi chiwongolero ngati galimoto ili ndi airbag.

Mpando ukaphwa, osoka mipando ya galimoto ku Ndirande ndi ku Limbe amatha kuika siponji yatsopano yolimba. Eni minibasi, ndalama imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi tsiku lomwe galimoto ingaime chifukwa dalaivala walephera kudzuka.

Mpando si mankhwala

Apa ndi pomwe otsatsa malonda sanena zonse. Chochirikiza msana chimathandiza kuti mukhale bwino komanso musatope msanga, koma sichichiza msana wodwala, ndipo sichifafaniza maola amene mwakhala pansi. Msana umafuna kuyenda. Pomwe mukudikira kuti minibasi idzaze pasiteji, tsikani, yendani pang'ono, ikani manja m'chiuno n'kupindikira kumbuyo pang'onopang'ono kangapo. Paulendo wautali, monga wa ku Lilongwe, imani maola awiri aliwonse. Ndipo musanyamule thumba la chimanga mutangotsika kumene pampando. Yambani mwawongola thupi.

Musasokonezenso chochirikiza cha pampando ndi malamba omanga m'chiuno omwe amagulitsidwa m'misika. Mu December 2023 WHO inatulutsa malangizo ake oyamba okhudza ululu wa msana wokhalitsa, womwe wapitirira miyezi itatu. Malangizowo sakulimbikitsa malamba amenewa, ngakhalenso mankhwala amphamvu a gulu la opioid. Akulimbikitsa maphunziro a kasamalidwe ka msana, masewera olimbitsa thupi, mafizo, ndi mankhwala monga ibuprofen kapena diclofenac. Mankhwala awirinso amenewa si omwa tsiku ndi tsiku ngati tiyi: akachuluka amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Mwa anthu khumi odwala msana, pafupifupi asanu ndi anayi sapezeka ndi matenda enieni oyambitsa ululuwo, ndipo ambiri amapeza bwino pakatha milungu ingapo. Koma pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwendo wafooka kapena mukuukoka poyenda, ngati mwachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa ntchafu, ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha kapena mkodzo ukukanika, kapena ngati ululu wayamba mutachita ngozi.

Musachedwenso ngati ululu ukukula usiku, mukutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda popanda chifukwa. Kuno kwathu chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana. Chimachizika, koma chikachedwa kupezeka chimapha ziwalo.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha pafupi nanu, monga cha Zingwangwa, Limbe, Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwe kuli madokotala a mafupa ndi a mafizo. Popita, auzeni maola omwe mumakhala pachiwongolero, mtundu wa galimoto ndi msewu womwe mumayenda, chifukwa zimenezi zimawathandiza kudziwa pomwe vuto layambira.