Chikalata cha Zofuna: Tiphunzitseni ndi Manja Tisanakwere Ambulansi

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, Ndeke House, Lusaka

Kudzera kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Chigawo cha Kummawa, Chipata

Makope apite kwa aphungu a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi. A Health Professions Council of Zambia. Ndi a Nursing and Midwifery Council of Zambia

Olemekezeka,

Ife amene tasaina pansipa ndife ophunzira unamwino, uzamba ndi ntchito ya clinical officer ochokera m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Tili pamodzi ndi anzathu amene anamaliza kale maphunziro, madalaivala a ambulansi, amayi ndi abambo a m'magulu a SMAG othandiza amayi oyembekezera, ndiponso makolo athu amene amagulitsa chimanga, soya ndi thonje kuti atilipirire sukulu. Nkhani yathu ndi imodzi. Tikufuna kuphunzira chithandizo cha mwadzidzidzi ndi manja athu, mobwerezabwereza, tisanaikidwe pamaso pa munthu amene akutha mpweya.

Sitiiwala kuthokoza. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha madera a aphungu (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo 11,276. Pa ndalama za CDF zomwezo panagulidwa maambulansi 156, imodzi pa dera lililonse. Zikomo kwambiri. Koma amene amapulumutsa moyo ndi uja wakhala kumbuyo ndi wodwala, osati sairini. Kwathu kuno wokhala kumbuyoyo nthawi zambiri ndi namwino amene watseka kiliniki kuti aperekeze wodwala, kapena wophunzira ngati ife, kapenanso mlamu wa wodwalayo atanyamula botolo la dripu m'mwamba mpaka mkono kuchita dzanzi.

Mukudziwa mmene dera lathu lakhalira. Msewu wa Great East umadutsa pakati pa Sinda ndi Katete, mabasi a ku Lusaka akupikisana ndi mathilaki, njinga ndi ngolo zopanda chowala usiku. Pa Katete pamapatuka msewu wa ku Chanida, kumene kumalowera matanka a mafuta ochokera ku Beira. Abale athu a ku Tete sanaiwale za pa Caphiridzange mu November 2016, pamene thanka ya mafuta inaphulika n'kupha anthu oposa 70, ambiri n'kutsala ndi mabala a moto. Matanka otero timagona nawo pakhomo. Onjezanipo mahonda onyamula anthu atatu opanda zisoti, mankhwala opopera thonje amene ana amamwa mwangozi ndipo akulu amamwa dala atakhumudwa, njoka za m'munda nthawi yopalira, ndi amayi amene matenda awayambira pakati pa usiku kumudzi.

Chipatala cha St Francis chakhala chikulandira anthu otere kuyambira 1948, cha Nyanje nachonso chimawalandira, ndipo ovutika kwambiri amatumizidwa ku Chipata Central Hospital. Komatu dokotala wa m'fiyeta amagwira ntchito pa munthu amene wafika ali moyo. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, koma mtunda sunafupike. Wochokera m'midzi ya kwa a Pembamoyo m'dzinja, mitsinje itadzaza ndi msewu utakumbika, moyo wake umagamulidwa m'njira.

Pamayeso olemba timakhoza bwino. Mtima ukaima, tsindika pachifuwa ka 30, puzira mpweya kawiri; ka 100 mpaka 120 pa mphindi; chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6. Zimenezi tikhoza kuzitchula ngakhale mutatidzutsa kutulo. Chimene pepala silinena n'chakuti pakangotha mphindi ziwiri mikono imalefuka, umayamba kungosisita osadziwa, ndipo uyenera kusinthana ndi mnzako popanda kupumira. Silinena kuti nthiti ikhoza kulira pansi pa dzanja lako, ndipo wosazolowera amalumpha n'kusiya, pamene ubongo wosowa mpweya umayamba kuwonongeka pakapita mphindi 4 mpaka 6 zokha.

Nanga khanda lobadwa osalira? Mzamba ali ndi mphindi imodzi yokha yoti alipukute, alisisite kumsana, ndipo likapanda kupuma ayambe kulipopera mpweya. Chala chachikulu ndi cha mkombaphala zigwire masiki kuti ikhale thina pamphuno ndi pakamwa, zala zinazo zikweze kachibwano, mutu usapendekere kwambiri kumbuyo, maso ali pa kachifuwa kuona ngati kakukwera. Ukalakwitsa pang'ono, mpweya umathawira m'mbali iwe uli kalikiliki kufinya thumba. Palibe amene anaphunzira kupalasa njinga pomvera wailesi. Chimodzimodzi mayi amene akutaya magazi atangobereka: kupeza chiberekero ndi dzanja, kuchisisita mpaka chilimbe, kubaya oxytocin, kulowetsa kanyula mumtsempha umene wafota kale, zonsezi zimachitika nthawi imodzi, achibale akulira pakhomo.

Tinene zoona popanda kuloza chala sukulu iliyonse. Ena a ife tinaphunzira m'makalasi mmene chidole chophunzirira chinali chimodzi pa gulu lonse, akutsogolo akugwira, akumbuyo akusuzumira pamapewa a anzawo. Kwina chipinda cha zipangizo chimatsegulidwa sabata ya mayeso kapena tsiku limene kukubwera oyendera. Otsalawo timaonera pa YouTube, bando ikakhalapo. Ndipo m'mabuku athu a ntchito muli masiginecha a zinthu zimene tinangoonerera ena akuchita. Aphunzitsi athu sitikuwanyoza. Ambiri akuchita zotheka ndi zochepa zimene ali nazo, mmodzi akuyang'anira gulu loti likanafuna anthu angapo.

Choncho tikufuna izi.

Choyamba, sukulu iliyonse ya zaumoyo, ya boma, ya mishoni kapena ya munthu payekha, imene imatumiza ophunzira m'zipatala za maboma atatuwa, ikhale ndi chipinda chophunzirira ndi manja chimene chikugwiradi ntchito. Mukhale zidole za munthu wamkulu, za mwana, za khanda ndi za mayi wobereka. Matumba opopera mpweya a misinkhu yonse. Malamba oletsa magazi, zomangira mafupa othyoka, makolala a pakhosi, machira, ndi makina ophunzirira kudzutsa mtima ndi magetsi. Chipindacho chizitsegulidwa madzulo ndi Loweruka, ophunzira azilowa m'timagulu ting'onoting'ono toti aliyense agwire. Makhonsolo awiri a zaumoyo otchulidwa pamwambapa, amene amavomereza sukuluzi, azibwera osalengeza, ndipo asamangowerenga zidole m'kabati. Aloze wophunzira aliyense amene wawagwera m'maso, amuuze kuti aonetse.

Chachiwiri, wophunzira aliyense achite maphunziro a Basic Emergency Care asanapite kukagwira ntchito ku kiliniki ya kumudzi. Maphunzirowa anakonzedwa ndi World Health Organization pamodzi ndi International Committee of the Red Cross ndipo anatuluka mu 2018, makamaka chifukwa cha malo osowa zipangizo ngati kwathu. Amatenga masiku 5 okha, ndipo amaphunzitsa ndondomeko yoona kaye njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, ngati munthu akuzindikira, kenako thupi lonse. Unduna uphunzitse aphunzitsi ake konkuno ku Kummawa, osadikira obwera ku Lusaka.

Chachitatu, munthu asalandire satifiketi asanaonetse pamaso pa oyesa kuti akhoza kudzutsa mtima, kupumitsa khanda, kuletsa magazi ndi kunyamula wovulala msana. Wolephera abwereze. Tikudziwa kuti lamulo limeneli lidzagwira ena a ife tomwe, ndipo tavomera.

Chachinayi chikukhudza ambulansi yeniyeniyo. Kugwira ntchito m'galimoto yothamanga pamsewu wa mabampu n'kosiyana ndi m'wodi: malo ndi ochepa, kuwala n'kochepa, dripu imagwedezeka, silinda ya okosijeni ikhoza kutha musanafike. Tikufuna kuti ophunzira a chaka chomaliza aziyenda maulendo otumiza odwala ali ndi woyang'anira wodziwa, osati kutumizidwa okha chifukwa anthu achepa. Madalaivala nawonso aphunzitsidwe chithandizo choyamba, pakuti pamalo a ngozi manja awo ndiwo achiwiri.

Chachisanu, chigawo chino chikhale ndi maphunziro akeake a anthu a ntchito ya m'ambulansi, pa imodzi mwa sukulu za zaumoyo zimene zilipo kale, ndipo boma litsegule malo a ntchito imeneyi pa mndandanda wake wa malipiro. Kuphunzitsa mwana n'kumusiya akugulitsa tokotaimu pamsika n'kutaya ndalama za makolo. Ambulansi iliyonse ya CDF ikhale ndi anthu ake, kuti namwino asamasiye kiliniki yotseka.

Pomaliza, titumeni kumidzi. Woyamba kufika pa ngozi si ife; ndi wa honda, wapolisi wa pamsewu, mphunzitsi, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anthuwa ali ndi mtima wothandiza, koma amakoka wovulala khosi miyendo, amamwetsa madzi wokomoka, amatema pamene yaluma njoka. Ophunzira ndi aphunzitsi awo akhoza kuwaphunzitsa m'Chichewa, a RTSA oona za chitetezo pamsewu ndi mafumu atathandiza kusonkhanitsa anthu. Mwambo wa Kulamba ku Mkaika, umene umasonkhanitsa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique kwa Kalonga Gawa Undi chaka chilichonse mu August, ukhale nthawi yoti zipatala, apolisi ndi ophunzira ayeserere pamodzi zochita anthu ambiri akavulala nthawi imodzi.

Mudzatifunsa za ndalama. Kwa aphungu athu ndi makomiti a CDF tikuti: zida zodzaza chipinda chimodzi sizifika pa mtengo wa ambulansi imene munagula kale, ndipo thumba lomwelo lili ndi gawo la maphunziro a luso. Kwa Unduna tikukumbutsa kuti mu 2019 mayiko a mu World Health Assembly, Zambia ili momwemo, anagwirizana pa chigamulo 72.16 kuti chithandizo cha mwadzidzidzi chifike kwa aliyense. Sitikupempha chachilendo.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 60 chilandirireni chikalata chino, lonena chimene chichitike, amene achite ndi mwezi wake. Tikupemphanso kuti a ofesi ya zaumoyo ya chigawo aitane nthumwi zathu ku Chipata, kapena abwere okha ku Katete, chidole chili patebulo, adzaone ndi maso zimene tikutha ndi zimene sitikutha.

Ndife ana anu,

Ophunzira a zaumoyo, ogwira ntchito, makolo ndi anthu a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, amene mayina ndi masiginecha athu ali pa mapepala olumikizidwa ku chikalata chino.